Ziwiya za Esinati

Lolemba
Tsiku lomaliza limene ine ndi Esinati tinakhala bwinobwino, madzi a mvula analowa m'nyumba, monga amachitira mu Kanyama muno. Iye anavala majombo anga. Ine ndinkakapa madzi ndi beseni, iye akundiseka kuti ndikukapa ngati ndikuopa kuwadzutsa. Madzulo anabwereketsa beseni lomwelo kwa Bana Chanda, oyandikana nafe. M'mawa mwake anagwa, osadzukanso. Papita miyezi.

Loweruka mlamu wanga, m'bale wake wa Esinati, akubwera kudzatenga katundu wa malemu kupita naye ku Katete. Ndisonkhanitse zonse zimene mkazi wanga anabwereketsa. Ndikatero nditseke chitseko, ndikhale phee.

Lachiwiri
Tamara, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zaumoyo ku koleji, wabwera ndi makina oyezera BP ndi mafunso a kusukulu. Akuti matenda sayambira m'thupi mokha: amayambira pa madzi, pa nyumba, ndi pa amene umadya naye. Wandifunsa kuti ndimadya ndi yani. Ndati ndi wailesi. Walemba. BP ili m'mwamba. Lamulo lake: mchere ayi.

Lachitatu
Ndikuitanitsa beseni. "Ba Phiri, mwaibala? Chiwiya sichibwelela chabe," atero Bana Chanda. Labwera lodzaza mbatata ya kandolo, pamwamba pali kambale kawo ka tinsomba ta kapenta. Poto wathu wamkulu wachokera kwa anansi ena, Amake Junior, ali ndi nyemba. Mchere sanaumire. Ndadya. Tamara asamve.

Lachinayi
Vuto: kambale ka eni sindingakabweze kopanda kanthu. Ndikazinga mazira, apserera. Bana Chanda alawa, aseka mpaka kukhala pansi, kenako atenga chiwaya chathu kuti chisazunzike m'manja mwanga.
Zabwera: beseni, poto.
Zatuluka: chiwaya, sefa, mpando, ndi poto yemwe uja, chifukwa ku Chawama kuli ukwati. Wamunyamula mpaka pa basi ndine.

Lachisanu
Tamara wapeza pakhonde padzaza anthu, tikudya chikanda, chija chophika ndi nsinjiro ndi mchere, tikukangana za ngalande yotsekeka. Wafunsa aliyense mafunso ake aja. Amake Junior akuti matenda aakulu mu Kanyama ndi landilodi. Landilodi ali pomwepo, akutafuna, akuvomera ndi mutu. BP yatsikako! Tamara wayezanso, wayang'ana makina, wayang'ana chikanda chili m'dzanja langa. Akuti mchere akuletsabe, koma anthuwa ndisawathamangitse.

Loweruka
Mlamu wafika ndi masaka. M'nyumba muli mbale za eni zokhazokha. Za Esinati zili m'makomo. Tikuyenda khomo ndi khomo. Paliponse tiyi, paliponse nkhani: uyu Esinati anamulerera mwana ali m'chipatala, uyu anamuperekeza kukiliniki atakana mankhwala. Zambiri sindinkazidziwa. Pofika kwa Amake Junior mlamu wawodzera pampando, wakhuta. Mpandowo ndi wathu. Masaka akadali opinda.

Lamulungu
Mlamu wapita ndi zovala ndi Baibulo. Za ziwiya wangoti, "Mlamu, izi zinakwatiwa konkuno."

Basi. Ndakhoma thabwa pakhonde, ndaikapo zotsala. Wofuna atenge, adzabweze monga mwa mwambo. Beseni latuluka kale. Chitseko ndachisiya chotsegula, popeza ndikachitseka amagogoda.

Majombo okha ndabisa pansi pa bedi. Ndi anga, koma matope ali pamenepo anaponda ndi iye.