Thiransifoma ya pa Ukwati wa Mlamu Wanga

Ku Kachulu alipobe anthu akuluakulu amene akandiona amayamba kununkhiza m'mwamba ngati pena pakupsa. Ndinaziyamba dala.

Nthawi imeneyo ndinali nditangotha zaka ziwiri pa chikamwini, ndipo ndinali ndi matenda otsegula wailesi iliyonse yakufa kuti ndione chimene chimayankhula m'katimo. (Zambiri sizinkadzukanso, koma eni ake ankanditchabe injiniya, ine n'kumavomera.) Utayandikira ukwati wa mlamu wanga Esinati, pabanja panabuka nkhawa. Oyenera kulankhula m'malo mwa mbumba anali amalume ake, a Namakhwa, koma chifuwa chinali chitawadya mawu moti ankangonong'ona. Zinkawapweteka kwambiri, poti mwanayo anamulera okha mayi ake atamwalira. Ine, popanda wondifunsa, ndinawalonjeza kuti mawu awo akamveka mpaka ku chilumba cha Chisi.

Gumbagumba yoyendera batire la galimoto tinabwereka kwa Che Amidu, ogulitsa matemba. Maikolofoni inapezekanso, koma titaiyesa mawu ankatuluka ngati a udzudzu. Pankafunika kabokosi kapakati, kokuza mawu asanalowe mu gumbagumbamo. Chithunzi cha kalumikizidwe kake ndinali nacho, pa tsamba la magazini lomwe anandikulungiramo sopo kugolosale. Kabokosiko ndinakapanga ndi zotsala za mawailesi akufa aja, kuwotcherera ndi msomali woika pamakala. Chinangosowa chinthu chimodzi chomwe pachithunzipo chinali koyambirira kwenikweni: thiransifoma.

Ndinakwera galimoto ya nsomba mpaka ku Zomba, n'kuonetsa khadi la chipani pachipata cha msika, n'kupeza mkulu wina wokonza mawailesi. Anandiyalira mathiransifoma anayi. Ine ndinasankha monga timasankhira mlamba padoko: kunyamula iyi, kunyamula iyo, n'kutenga yolemera kwambiri. Mkuluyo anayang'ana fumbi la kumapazi kwanga.

"Achimwene, kwanuko magetsi alipo?"

Pambali panga panali aphunzitsi awiri ovala mataye, akudikira wailesi yawo. Kuti ndinene pamaso pawo kuti kwathu timaunikira koloboyi, manyazi anandigwira. Ndinayankha kuti alipo. Mumtima ndinkati batire nalonso ndi magetsi, nanga kusiyana kwake n'kotani?

Kusiyanako ndinakuona tsiku la ukwati. Batire linali litapita kukatchajidwa, ndipo linafika anthu atakhala kale pansi pa chisakasa, kotero kuyesa kwanga koyamba kunachitikira pagulu. Ndinagunditsa mawaya awiri owonda a thiransifoma kubatire. Sipika inangoti phu, kenako zii. Nditachotsa waya inatinso phu, ndipo chinachake chinandimenya chala mpaka kukamveka m'chigongono.

Apa munthu wanzeru akanasiya. Koma ine chidwi chinandigwira: bwanji chinthuchi chikuyankha pogunditsa ndi pochotsa pokha, pakatipa n'kukhala chete? Ndinabwereza kanayi, ndikudumpha pang'ono nthawi iliyonse, mpaka amayi ena a kuchimuna anayamba nthungululu poganiza kuti kwathu ukwati timautsegula choncho.

(Ndinadzamva patapita miyezi kuti thiransifoma imafuna magetsi a m'tauni, omwe amapita n'kubwerera osapuma, pomwe a batire amangoyenda mbali imodzi. Kabokosi kanga kakanatha kudyera kubatire komweko, popanda chitsulo chonsecho.)

Tsikulo nzeru zinandiuza kuti thiransifomayo ndangoitembenuza. Ndinasinthanitsa mbali, mawaya onenepa kubatire. Panathetheka moto, kabokosi kanga kanati tswa, ndipo thiransifoma inayamba kufuka utsi wonunkha ngati phula. Che Amidu anadumpha benchi, mkanjo m'manja, n'kuzula gumbagumba yawo, kuikumbatira ngati mwana. Mkazi wanga anangophimba nkhope ndi chitenje.

A Namakhwa anali ataimirira kale, maikolofoni yakufa ili m'manja, anthu onse akuwayang'ana. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Anandikodola. Ndinapita n'kugwada pafupi nawo.

"Akamwini, munati mawu anga amveka," ananong'ona. "Imani apa. Ine ndizinena, inu muzikuwa."

Ndinaima, zala zikununkha utsi, n'kuyamba ntchito. Iwo akanong'ona, ine ndinkakuwa. Tinathokoza alendo. Tinafotokoza mmene Esinati anafikira pakhomo pawo ali kamwana kosadziwa kuvala, ndi mmene ankawathandizira kuyanika nsomba asanapite kusukulu. Mkwatibwi analira, amayi ena analiranso, ine mtima n'kuyamba kukhala pansi. Ndinafika poganiza kuti mwina ndapulumuka.

Kenako anatembenukira kwa mkwati. Anati ndimuuze kuti walandiridwa, munda ulipo, koma pamudzi pano munthu akaona chinthu chomwe sakuchidziwa amafunsa. Izo ndinakuwa bwinobwino. Ndiye anawonjezera:

"Asakhale ngati mkamwini wathu woyamba, waima apayu."

Ndinakhala ngati sindinamve. Anandigwira padzanja, osakwiya, maso ali gwa pa ine, n'kundiuza kuti anthu akumbuyo akudikira.

Ndinakuwa, abale, liwu lililonse, ndi pakamwa panga pomwe. Palibe chimene chinamveka bwino tsiku limenelo kuposa mawu amenewo, ndipo anthu anaseka mpaka ena kutsamira mizati ya chisakasa.

Ndikanakonda kunena kuti ndinasiya kutsegula zinthu. Ayi, mawa lake lomwelo ndinaimasula thiransifoma ija kuti ndione chomwe chinapsa. Chimene ndinasiya n'kulonjeza akuluakulu.