Kapepala Kachiwiri

Anthu amanama kuti apulumuke mlandu. Ine ndinanama n'kudziitanira mlandu umene sindinapalamule, ndipo banja la zaka makumi awiri ndi zisanu linatsala pang'ono kuthera pamenepo. Poti imvi zadzaza kale m'mutumu, lekani ndiulule.

Chinali chaka chimene tinavota kachiwiri chibwerere matipate. Ndinali kapitawo wa odula nzimbe ku Dwangwa, munthu wa mawu oti ndikakuwa, ngakhale wa kutsidya kwa ngalande ankaimirira. Kunyumba ndiye kunali nkhani ina. Sindinganene kuti ndinali nditagwa mumpapaya, koma nthambi inali itayamba kuthetheka.

Akazi anga, Nabanda, ndi munthu wolangidwa bwino. Kuchipinda kwathu kuli msomali umene amapachikapo mikanda. Ikakhala yofiira ndiye kuti ali kumwezi, ikakhala yoyera ndiye kuti njira ili bwino. Chaka chimenecho mikanda yoyera inakhala pamsomalipo mpaka kangaude anamangapo nyumba. Ine ndinkangolowa n'kutembenukira kukhoma, uku ndikudandaula za msana. Gondolosi ndinatafuna mpaka nsagwada kuwawa, koma osaphula kanthu.

Amene anandibweretsera chipulumutso anali mnzanga Saidi, dalaivala wa thiraki yopititsa shuga ku Joni. Tili m'tiyirumu tsiku lina, anandifumbatitsa timapiritsi tinayi ta buluu tokulunga m'pepala la ndudu. Anati Azungu angotulukira kumene, ndipo gondolosi ndimusiyire ana.

"Kamodzi kokha, akulu," anatero Saidi. "Wallahi, mudzandifunafuna kuti mundithokoze."

Zimene zinachitika sindifotokoza (ana amawerenganso izi). Ndingoti m'mawa mwake Nabanda anasesa pabwalo akuimba nyimbo ya kwaya, ndipo ndinamwera tiyi wamkaka chambo chokazinga, Lachiwiri wamba. Mutu unkandiwawa, mphuno zitatseka, koma ndani amadandaula za mphuno pa nthawi ngati imeneyo? Sabata isanathe, timapiritsi titatu tinali titapita.

Kenako kunayamba kuyabwa. Patapita masiku awiri panatuluka timatuza ting'onoting'ono tamadzi, tounjikana pamodzi, pamalo oti sungaonetse mnzako. Tinkatentha ngati tsabola wa kambuzi. Kumunda ndinkayenda ngati munthu amene wapalasa njinga yopanda chishalo kuchokera ku Nkhunga. Mumtima ndinaweruza kale mlandu: Saidi wandidyetsa poizoni. Mwini wakeyo n'kuti ali pamsewu wa ku Joni, osadziwa kuti ndikumutukwana m'mawa ndi madzulo.

Kuchipatala chapafupi sindikanapita, amandidziwa ndi alonda omwe. Ndinauza Nabanda kuti ndikukagula nsapato, n'kukwera minibasi ya kuboma. Nditafika pabenchi ya odikira, ndinapeza odula nzimbe awiri a gulu langa lomwe, amene dzulo lake anandipempha tchuthi cha maliro. Tinapatsana moni choyang'ana kumbali, ngati munthu ndi apongozi ake. Mmodzi analowa, ndipo potuluka anali atanyamula timapepala titatu, akudzipepesera nato kumaso. Mnzake anandinong'oneza kuti aliyense wopezeka ndi matenda opatsirana pogonana amapatsidwa kapepala koti akapereke kwa amene amagona naye, kuti nayenso adzaonedwe. Titatu ndiye kuti akazi atatu. Benchi yonse inamuyang'ana mwaulemu.

Dokotala anali wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinaika piritsi lotsala patebulo n'kunena kuti wolakwa ndi ameneyu. Iye anandiyeza, nasamba m'manja, nandifotokozera motsitsa mawu kuti m'piritsimo mulibe kachilombo. Anati matuza otere amabwera ndi kachilombo kamene munthu amatenga pogonana, ndipo kakalowa m'thupi sikatulukamo. Kamatha kugona zaka zambiri, n'kudzadzuka thupi likatopa, munthu akadwala malungo, kapena khungu likakhulika. Anatinso ena akapeza mapiritsiwa amayamba kuyendayenda, n'kutenga matendawa kumene apitako, kenako n'kumanamizira piritsi.

Anandifunsa ngati ndinayendapo. Ndinalumbira kuti ayi. Anandifunsa ngati matuzawa anandichitikirapo kale. Ndinafuna kukananso, koma ndinakumbuka ku Joni, kumigodi, ndisanakwatire. Kunali timatuza ngati tomweti, tinatha tokha, ine n'kuiwala. Ndiye kuti mlendoyu ndinabwera naye ndekha, anangokhala chigonere mpaka ndinamudzutsa ndi phokoso la sabata imodzi (Saidi, ngati ukuwerenga izi, undikhululukire). Dokotala anandidzudzula chifukwa chomwa mankhwala osayezetsa mtima, nandiuza kuti kunyumba ndidikire mpaka zilonda zitapoleratu.

Mpaka pamenepa zonse zinali bwino. Koma atatsegula kale chitseko kuti aitane wina, anakumbuka.

"Timapepala tingati, bambo?"

Ndinaona odula nzimbe aja atatchera makutu. Pakamwa panga panali mawu akuti kamodzi. Amene anatuluka, ndi liwu langa la kumunda lija, anali akuti, "Tiwiri."

Pobwerera ndinakonza zoti kachiwiriko ndikaponyere mu Bua tikamadutsa pamlatho. Koma m'minibasi ndinapanikizidwa pakati pa beseni la usipa ndi mayi wina wonenepa, dzanja osafika m'thumba. Pofika ku Dwangwa ndinali nditaiwala. Kapepala kamodzi ndinapereka kwa Nabanda nditatsokomola kambirimbiri, ndi nkhani ya ku Joni yomwe, koma za piritsi ndinabisa. Anangoti ndamva. Loweruka anachapa thalauza langa.

Sanakalipe. Ndinangoona mikanda yoyera yachoka pamsomali, zitenje zamangidwa mtolo, ndipo uthenga wapita kwa ankhoswe. Lamulungu masana tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba: alamu anga ochokera ku Nkhunga, malume anga a zaka makumi asanu ndi awiri, Nabanda ndi ine. Kapepala kachiwiri kaja kanali pakati, katatsinjiridwa ndi mwala.

Muyenera kukumbuka zaka zimenezo. Tinkaika maliro kawirikawiri chifukwa cha matenda aja amene tinkaopa kuwatchula dzina, ndipo mng'ono wake wa Nabanda tinali titamuika chaka chapitacho.

"Ine ndikungofuna dzina," anatero Nabanda, misozi ikutsika. "Mwini kapepalaka ndani? Sindifuna kutsatira mng'ono wanga chifukwa cha mkazi amene sindimudziwa. Akapanda kutchula, achimwene, ndibwerera nanu lero."

Malume anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndingovomera, nditchule wina aliyense wakutali, ndipepese, nkhani ithe. Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, anatero, ndipo m'maso mwawo munkaoneka ngati akundinyadira. Ndikuuzeni zoona, ndinayesedwa. Kuvomera chibwenzi kunali kopepuka kusiyana ndi kuvomera pamaso pa alamu kuti kapitawo wamkulu uja anali pafupi kukhala gojo. Koma nditayang'ana Nabanda, ndinaona kuti si nsanje imene ikumuliza. Anali ndi mantha a imfa, ndipo mantha amenewo ndinamubweretsera ndine chifukwa chofuna kutamandika pabenchi. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Ndinaulula zonse: msana wonamizira, gondolosi, Saidi, benchi, timapepala titatu ta wodula nzimbe uja. Ndinatulutsa piritsi lotsala n'kuliika pambali pa mwala. Alamu anga anayamba kutsokomola chowerama, mapewa akugwedezeka. Malume anapempha kuti alione bwino piritsilo, naliyang'anitsitsa mbali zonse (mpaka anamwalira sanandibwezere).

Kenako alamu anafunsa mlongo wawo ngati nkhani yopusa chonchi angaikhulupirire. Nabanda anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Achimwene, iyi yokha ndaikhulupirira. Munda umodzi womwewu unamera tchire chaka chathunthu. Wachiwiriwo akanaulima ndi khasu liti?"

Sindinapulumutsidwepo ndi mawu opweteka ngati amenewo. Ndinawalandira ndi manja awiri.

Lolemba tinapitira limodzi kuchipatala, magazi omwe tinayezetsa, ndipo kunalibe choopsa china. Matuza aja amabwerabe mwa apo ndi apo, makamaka ndikadwala malungo, ndipo tikudziwa kuti nthawi yotero timadikira. Phunziro ndinalitola, kapena ndinene kuti theka lake. Kumunda odula nzimbe aja anafalitsa mbiri, mwakuti gulu lonse linkandiitana kuti Bwana Tiwiri, ndipo mpaka ndinapuma ntchito sindinawakonze ngakhale tsiku limodzi.

Kapepala kaja Nabanda anakana kukatentha. Anakaboola n'kukapachika pamsomali womwe uja, kuseri kwa mikanda. Amati kakudikira mwini wake. Lero kasanduka kachikasu, zolemba zinafufutika, koma ndikachedwa kubwera kubawo amangoyang'ana pamsomali, ine n'kuyamba kufotokoza ndekha kumene ndinali.