Tsiku Limene Ndinafufuta Chilanga Mulilo Changa

Anzanga, ine kudzitama kudzandipha tsiku lina. Kuno ku Kabwe tili ndi kagulu ka olemba mapulogalamu, timakumana Loweruka m'kaholo ka tchalitchi ku Chililalila. Anandipempha kuti ndikayerekeze zida zakale ndi zatsopano za pa teminolo, kawindo kakuda kaja timalembamo malamulo. Ine pa zatsopano sundiuza kanthu, ndiye ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Chinandikometsera nkhani n'chakuti m'gulumo muli a Bwalya, achimwene ake a Mwansa, mtsikana amene ndikufuna kukwatira. A Bwalya ndi munthu wa zida zakale, ndipo chiyambire kuonekera kwawo amandiyang'ana ngati akusankha tomato pamsika wa ku Nakoli. Ndinati lero mlamu adziwe kuti mlongo wake sakupita kwa munthu wamba.

Ndafika pa njinga kuchokera ku Kasanda, fumbi mpaka m'makutu, chingwe cha pulojekita chikukana laputopu yanga. Ndilowetse, ndipukute, ndiuzire, ayi ndithu. A Bwalya anangokankha yawo n'kunena kuti, "Sebenzesani yanga, mulamu." Ndinaikamo zida zanga mothamanga n'kuyamba.

Poyamba zinkayenda ngati zodzoza mafuta. Ndinapikisanitsa grep wakale ndi ripgrep watsopano kufufuza liwu limodzi m'mafayilo ambirimbiri, ripgrep n'kumaliza mnzakeyo adakali m'njira. Ndinaonetsa kuti find amafuna chiganizo chachitali ngati ulaliki wa pa Pasaka, pomwe fd ungomutchulira dzina basi. Ndinatsegula fzf, kaja ungolemba zilembo ziwiri iko n'kukubweretsera zonse zofanana nazo, anthu n'kuwomba m'manja. Mutu unakula, anzanga. Ndikanakhala pansi pomwepo bwenzi lero ndili munthu wolemekezeka, koma kodi wodzitama amadziwa polekezera?

Pali lamulo lotchedwa rm, limene likafufuta chinthu ndiye chapita, silifunsa, silibweza. Pa laputopu yanga ndinalikonza kalekale kuti lizingoponya zinthu m'bini momwe ndingazitolenso, mpaka ndinaiwala kuti ndinalikonza ndine. Ndiye ndinauza gulu kuti, "Enanu mumaopa rm, ine ayi. Onani ndifufute foda yonse, kenako ndiibweze." Ndinasankha foda yoyamba imene inabwera, osawerenga n'dzina lomwe, n'kudina mwamatama ndi chala chimodzi.

Ndikulemba lamulo lobwezera, kompyuta ikuti silidziwa. Ndilembenso, chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinayang'ana pansi n'kuona kuti zala zanga zili pa laputopu ya mlamu, yomwe rm wake ndi weniweni uja wolusa. Ndikweze maso pakhoma, dzina la foda lili poyera: chilanga mulilo.

Mukudziwa, chilanga mulilo ndi mwambo wa anzathu Achibemba wochitika ukwati usanafike, azimayi a kuchikazi amabweretsa zakudya kwa mkamwini, ng'oma zikulira, koma mkwatibwi amatsala kunyumba. Mavidiyo a tsiku limene anandichitira ine mwambowu anajambula a Bwalya okha, ndipo Mwansa anali asanawaone, ankangodikira kuti achimwene ake awalumikize bwino. Ineyo ndawafufuta, pamaso pa mboni. Ndinachita mantha enieni, thukuta kutsika mpaka m'masokosi. Ndikamuuza chiyani mwana wa eni?

"Mulamu, bwezani manje, tili kuyembekeza," anatero a Bwalya, manja atapinda.

"Netiweki yavuta pang'ono," ndinatero ine. Netiweki, anzanga, pa chinthu chosafuna netiweki, pamaso pa anthu odziwa makompyuta okhaokha. Wina kumbuyo anaseka mpaka kutsamwa.

A Bwalya anandisiya ndipse kaye. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa kadisiki kakale komanga ndi tepi, kamene amakoperako zonse ndi rsync, chida china chakalekale chomwe ndinachidumpha dala. Mzere umodzi wokha, foda yonse n'kubwerera. Ndinatsala pang'ono kuwagwadira. "Aka ni kakudala, mulamu, koma sikazitama," anatero. "Manje tiyeni tione ngati zabwela bwino."

Mwa mavidiyo onse aja, anatsegula iti? Ija imene ine mkamwini, woyenera kukhala phee mwaulemu, ng'oma zitandilowa m'magazi ndinadzuka kuvina, n'kutsika mpaka pansi, thalauza n'kung'ambika kumbuyo konse, azimayi n'kundifunditsa chitenje akululutira. Pakhoma lonse la tchalitchi, ndi mawu omwe. Anaibwereza kuti atsimikize kuti fayilo sinawonongeke.

Holo yonse inagwa ndi phwete, ine ndemwe ndinaseka mpaka misozi, poti mtima unali utakhala pansi. Potuluka a Bwalya anandigwira paphewa koyamba chidziwirane, amvekere, "Mwansa azasekako maningi na imwe."

Ndalumbira, laputopu ya eni sindidzaigwiranso, ngakhale andipemphe atagwada. Ndipo pa ukwati ndauza kale atelala kuti thalauza asoke ziwiri, ina ikhale m'chikwama cha mlamu pafupi ndi kadisiki kaja.