Tsiku Limene Sitima Yanga Inadula Mutu wa a Tcheya

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mamawa, kutentha kwa mu Okutobala kumene ife a ku Nkaya timakudziwa, koti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Nyenje zinali kulira mumtengo wa nsangu kuseri kwa nyumba, ndipo chapatali sitima ya malasha inali kugugudza mabogi ake osatha aja. Ndikulikumbukira bwino phokosoli chifukwa ndi lomaliza limene ndinalimva ndili munthu wolemekezeka. Pofika masana ndinali mfiti.

Ine si munthu wa zolankhulalankhula. Ndawerenga mawu m'tchalitchi mwathu zaka zambiri, ndipo sindinakanganepo ndi munthu ngakhale pa nkhani ya malire a munda. Mayi a kunyumba kwanga, a Esinala, atatisiya, ana anabwerera kumatauni kwawo, nyumba n'kutsala zii. Ena akaferedwa amayamba mowa, ena amathamangira banja lina maliro asanazizire. Ine ndinayamba kumanga njanji.

Ndinagoneka chitseko chakale pa njerwa m'chipinda chimene mayiwa ankasungiramo chimanga, n'kuyamba kumangapo Nkaya yense, mphambano yake ndi siteshoni yomwe. Njanji ndinapanga ndi nthiti za maambulera othyoka, timitanda take ta machesi. Mabogi anali zitini za nsomba, mawilo zitsekerero za mabotolo. Mutu wa sitima ndinauikira kainjini kamene ndinachotsa m'wailesi ya kaseti yakufa, ndipo ukaika mabatire awiri inkayenda yokha. Siteshoni inali ya makatoni, nyumba za dothi louma padzuwa. Pamphambano pokha, poti sitima izipatuka ndikakoka kawaya, panandidyera miyezi itatu. Ntchito yonse inanditengera zaka zitatu.

Tsono ndivomere kulakwa kwanga, poti munthu wopemphera sayenera kubisa. Zipangizo zimenezi sindinkagula. Ndinkazitola, ndipo malo amene zitini ndi maambulera akufa amapezeka ndi kudzala kwa eni ake. (Taganizani nokha: mkulu wa imvi, wowerenga mawu Lamulungu, Lolemba ali chiweramire kudzala kwanu ndi kamtengo.) Ndinkaona ngati palibe akundiona. Kumudzi kulibe zoti palibe akukuona.

Njanji itatha ndinaona kuti siteshoni yopanda anthu ikufanana kwambiri ndi nyumba yanga. Ndiye ndinayamba kuumba tianthu, kutalika ngati chala. Poti ndine munthu wokonda chilungamo, sindinafune kuumba anthu abodza, ndinaumba amene ndimawadziwa. Ndinaumba mayi Nampinga, mnzawo wa malemu, ali ndi lichero lawo la nthochi monga amakhalira pasiteshoni. Ndinaumbanso a Makwinja, anansi anga, amenenso ndi tcheya wa mphakati wathu wa kutchalitchi, ndi mimba yawo yonse osachepetsako. Kuti afanane kwenikweni ndinapita kwa telala wa pamsika.

"Mundipatseko tinyenyeswa ta malaya aja munawasokera a Makwinja," ndinatero.

Telala anaimitsa makina. "Ta a Makwinja penipeni? Ta munthu wina ayi?"

"Iyayi, ta iwowo basi."

Anandipatsa, koma anandiyang'ana mpaka ndinakhota pangodya. Ine ndinkaganiza kuti akusirira chipewa changa.

Choipitsitsa chinali dothi. Pabwalo pa a Makwinja pali dothi lofiirira bwino limene kwanga kulibe, ndipo ndinkafuna kuti kanyumba kawo kakhale ndi mtundu wake weniweni. Tsiku lina nditaona kuti atuluka pa njinga ndinawerama pakhomo pawo, n'kutapa dothi lodzaza dzanja, n'kukulunga m'mpango. Sindinaone kuti pamalopo panali podinda phazi lawo. Sindinaonenso kuti akazi awo ali pakhonde la nkhokwe akundiyang'ana. Inu nonse mukudziwa chimene anthu amanena za munthu wotapa phazi la mnzake. Inenso ndimadziwa. Kungoti m'mutu mwanga munali sitima.

Onjezani apo kuti chipindacho ndinkachitseka ndi loko, pawindo n'kuikapo thumba, chifukwa ndinkachita manyazi kuti anthu adzati nkhalamba ikusewera ngati mwana. Onjezaninso kuti sitima ikamayenda pakamwa panga sipankakhala chete. Odutsa kuseri ankamva munthu wokhala yekha akulira "Pyooo!" n'kumaitana anthu maina kuti akwere.

Kenaka a Makwinja anadzuka khosi litauma, osatha kucheuka.

Ndiye tsiku lotentha lija, ndikumata denga la siteshoni, ndinamva nyimbo ya maliro ikubwera ndi njira. Ndinavula chipewa n'kutuluka kuti ndimve wamwalira ndani. Nyimboyo inakhotera pakhomo panga. Patsogolo a Makwinja, mutu utapendekera kumanzere ngati nkhuku ya chitopa. Pambuyo pawo akazi awo atanyamula chigubu chachikulu cha madzi odalitsa, kenaka mayi Nampinga, ndi amayi ena a mphakati, korona m'manja. Telala naye anali kumapeto, watseka shopu kuti asaphonye.

"Takulandirani," ndinatero. "Kwagwanji?"

"Achimwene," anatero a Makwinja, akundiyang'ana chammbali poti sakanatha mwina, "ife ndi inu tadya mbale imodzi. Tangotsegulani chipinda chija."

"Muli zinthu zanga."

"Zinthu zanuzo n'zimene tabwerera," anatero akazi awo. "Phazi la amuna anga munapita nalo kuti? Ndinakuonani ndi maso angawa. Ndipo dzana ndinasuzumira pamene thumba lang'ambika. Alimo! Mwawaimika mmenemo ndi malaya awo a Khirisimasi!"

Amayi onse anati "Mayo!" pamodzi ngati anachita kuphunzira kukwaya.

A Makwinja anakweza dzanja. "Tagwirizana chonchi. Zimene zili mmenemo tizitulutse, tizitenthe. Ndipo mpaka nkhaniyi itafika kwa Bambo Mfumu, kuguwa kuja musakwereko kukawerenga."

Ndinamva kutentha kumaso koposa kwa dzuwa. Anthu amenewa ndinawakumbira manda a abale awo. Mwana wa a Makwinja ndine ndinamuimira pa ubatizo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zobwera yekha, kukhala pampando, n'kundifunsa kuti achimwene, kodi mumatani mmenemo? Koma kuyimba nyimbo ya maliro pakhomo pa munthu wamoyo, apo anapeza nthawi.

Ndinaganiza kuti choonadi chidzandiwombola. Ndinatsegula loko, n'kuchotsa thumba pawindo.

Analowa mounjikana, aliyense akufuna mnzake atsogole. Kuwala kunagwera pa chitseko chija. Ndikhulupirira kuti kwa kamphindi anaona kukongola kwake, chifukwa mayi wina ananong'ona kuti, "Taonani chigayo, ndi chomwechi ndithu." Koma mayi Nampinga anadziona okha ndi lichero lawo.

"Ine ndalakwanji, bambo? Nthochi ndimakupatsani ndi basera lomwe!"

"N'zoseweretsa chabe, mayi," ndinatero. "Dikirani muone."

Apa ndi pamene ndikanayenera kukhala pansi n'kufotokoza mofatsa. M'malo mwake ndinaika mabatire. Ndipo poti dzanja lizolowera, ndinavala kapusi yanga yoyendetsera, imene ndinasoka ndekha, pamaso pa mphakati wonse. Sitima inanyamuka. Amayi atatu anathawira panja. Ine, pofuna kuonetsa kuti palibe choopsa, ndinamva pakamwa panga pakunena pokha kuti, "Pyooo! Nkaya! Otsika tsikani!"

Sitima imeneyo inali itazungulira kambirimbiri osagwa. Koma polowa muja wina anagunda chitseko cha njanjicho ndi chiuno, njanji n'kusuntha pang'ono pokhota. Sitima inafika pamphambano, inadumpha, inasiya njanji, inadutsa pabwalo la tchalitchi, n'kulunjika pamene ndinaimika a Makwinja. Inawagunda pakhosi penipeni. Kamutu kanaduka, kanagubuduka pa chitseko chonse, kanagwa pansi, n'kukaima pa chala cha a Makwinja enieni.

A Makwinja anagwira khosi lawo ndi manja onse awiri n'kukhala pansi.

"Wawapha! Wawapha tikuona!" anakuwa akazi awo, n'kutsegula chigubu.

Madzi odalitsa ndimawalemekeza. Amawaza ndi nsonga za zala, kadontho apa, kadontho apo. Mayiwa anagwira chigubu kumatako n'kukhuthula ngati akuzimitsa moto wa nkhokwe. Dothi louma padzuwa silipirira madzi, ngakhale odalitsa. Ndinaona chigayo chikukhala pansi, siteshoni ikupinda mawondo, timitanda ta machesi tikuyandama kupita ku Balaka. Zaka zitatu zinasanduka phala.

Ndipo madziwo anali kulowera kumapeto kwa siteshoni, kumene kunaima kamunthu kamodzi kokha, pansi pa kamtengo ka waya.

Akuti ndinakuwa. Ine sindikukumbukira, koma telala akuti mawu anga anamveka mpaka pamsika, ndipo anthu sanakhulupirire kuti ndine. Ndinalumpha, ndinaterereka m'matope, ndinagwa chagada, kapusi uko. Amene anafika msanga ndi mayi Nampinga. Anakatola kamunthuko, miyendo yake itasungunuka kale, n'kukayandikiza kumaso. Kanavala kansalu kobiriwira ka timbalame tachikasu.

"Nsalu iyi ndikuidziwa," anatero motsitsa. "Tinakagula limodzi ku Balaka. Awa ndi a Esinala."



"Pamenepa ndi pamene ankaima podikira sitima ya Lachisanu," anapitiriza. "Pansi pa mtengo uja anaudula."

"Ndi pamene ndinawaonera koyamba," ndinatero ndili pansi pomwepo, matope mpaka m'khutu.

Mayi Nampinga anatembenukira kwa akazi a Makwinja. "Inu, mfiti inaumbapo mkazi wake kuti izimuyang'ana? Tsekani chigubucho."

Munalibenso kanthu m'chigubumo, koma anatseka.

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana denga ngati wangodutsa. A Makwinja anatola kamutu kawo, anakayang'ana, n'kunena kuti, "Koma ndevuzi mwazitha." Kenaka anati, "Ife timangofuna kutsimikiza, achimwene." Kutsimikiza! Mawu akuti pepani ndi aafupi, koma tsiku limenelo anasowa m'mudzi monse.

Khosi lija anapita nalo kuchipatala patapita masiku awiri. Anawafunsa chimene ananyamula, ndipo zinadziwika kuti anasenza thumba la feteleza kuchokera ku Phalula njinga itaphulika tayala. Anawapatsa mankhwala opaka, Loweruka n'kumacheuka ngati kadzidzi. Zimenezi sanabwere kudzandiuza ndi nyimbo. Ndinamva kwa telala.

Lamulungu ndinakwera kuguwa, palibe anandiletsa. Ndinawerenga pang'onopang'ono kuposa masiku onse, ndipo pa mpumiro uliwonse ndinkayang'ana benchi la a tcheya. (Zimenezi ndinakalapa. Bambo Mfumu anatsokomola nthawi yaitali kuseri kwa kansalu, ndipo ndikukayika ngati chinali chifuwa.)

Ndinakhala milungu itatu osalowa m'chipindamo. A Esinala ndinawaumbira miyendo ina n'kuwaika pawindo la kuchipinda kwanga. Sabata yachinayi ndinapeza pakhonde jumbo ya zitini za nsomba, zotsukatsuka, wosiya osadziwika. Mawa lake mayi Nampinga anabwera ndi kansalu. "Ngati mukundiumbanso, mundiveke iyi," anatero. "Ija munandiveka ija ndi yakumunda." Madzulo ake a Makwinja anafika ndi ambulera, ndipo ndikulumbira kuti ambulerayo inali yabwinobwino, anachita kuithyola dala. Anaima pakhomo akuitembenuzatembenuza.

"Dothi lija, mukafuna, muzingonena. Ndidzakutapirani ndekha."

"Zikomo."

"Komanso mimba ija, achimwene. Munaonjeza."

"Sindinaonjeze."

"Chepetsaniko pang'ono. Anthu azidzaona."

Anthu azidzaona! Dzulo lomweli ankafuna kutentha, lero akufuna kutuluka bwino.

Pano njanji yafikanso pamphambano. Loko ndinachotsa, thumba la pawindo ndinabweza kunkhokwe, ndipo kudzala kwa munthu sindipitako ndisanaodire. Nyumba ndimayamba ndaziwotcha monga amachitira ndi mbiya, kuti zipirire madzi a mtundu uliwonse. Mimba ya a Makwinja sindinachepetse, poti bodza ndi tchimo, ndipo ndawaimikanso pomwe paja pokhota. Khosi lokha ndalilimbitsa ndi waya. Mpaka lero palibe amene anandiuza kuti pepani, ndipo ndikamva fungo la katoni yonyowa mtima umandiwawabe. Koma ndinawakhululukira.