Amuna Anga ndi Mbozi Zawo

Mumsewu mwathu aliyense ankadziwa kuti bambo osoka nsapato aja amaweta mbozi. Anzawo nkhuku ndi nkhunda, iwo mbozi zobiriwira, zonenepa ngati chala chachikulu, zimene zimadzasanduka agulugufe a usiku, mapiko ngati zikhatho ziwiri. Bambowa anthu ankawakonda koopsa. N'zosavuta kukonda munthu wotere akakhala mwamuna wa wina. Awa anali amuna anga.

Mazira akaswa, ine ndinkaiwalika. Neti yathu ya udzudzu inapita kukafunda mbozi, ife n'kumadziwomba mbama mpaka kucha.

"Zimadya masamba a gwafa, ndimu ndi nsatsi basi," ankauza makasitomala monyadira. "Kuzipatsa ena, zimanyanyala."

"Nanga ine ndimakonda chiyani?" ndinawafunsa tsiku lina.

Anakanda m'mutu. "Iwe suvuta, mayi. Umadya chilichonse."

Nditagona ndi chimfine, ndinawaona akulowa ndi mtolo wa masamba a ndimu. Mtima unachita myaa, ndati lero andikumbukira. Anandidutsa ngati mpando.

"Zatsala pang'ono kuluka zikwa," anandinong'oneza. "Ukamatsokomola uziyang'ana kukhoma."

Gulugufe akatuluka m'chikwa, msewu wonse unkathera pakhonde pathu. Telala ankasiya makina, ometa ankabwera ndi kasitomala mutu wometedwa theka. Bambowo amvekere, "Taonani kukongola! Koma alibe pakamwa ameneyu. Sadya, samwa, masiku ochepa chabe wapita."

"Alibe pakamwa?" ndinatero. "Tsopano ndadziwa chimene mumamukondera."

Anthu anagwa nako kuseka. Ine sindinkacheza.

Amuna anga anamwalira mvula itangoyamba. Pamaliro aliyense anali ndi nkhani yake ya iwo, zina zoti ine mwini wake sindinazimvepo. Zinandiwawa nazonso. Tsopano pakhonde pali zii. Ana asukulu akamadutsa amangosuzumira n'kupitirira.

Sabata yatha ndikusesa kuchipinda ndinapeza gulugufe wamkazi ali phee pakatani, mimba ili tuu, mapiko akadali onyowa. Kuseri kwa kabati kunatsalira chikwa.

"Bambo, tabwerani mudzaone!"

Mawu anatuluka ndisanakumbuke. Ndinasiya tsache, n'kutsegula zenera kuti azipita. Sanasunthe.

Kutacha ndinapeza alipo awiri. Wamwamuna anali atamva fungo lake, kaya kuchokera kutali bwanji, n'kubwera yekha mumdima. Ndinakhala pabedi n'kumawayang'ana.

"Mwayi wako, mnzanga," ndinatero. "Wako wabwera."