Tsiku Limene Atsibweni Anaona Mafupa Anga

Mpaka lero anthu ena kwathu kuseri kwa Limbuli akakumana nane amayamba ayang'ana m'chiuno mwanga, moni n'kubwera pambuyo. Sindiwadandaula. Ndinaziputa ndekha.

Inali nthawi ija azungu atangoyamba kudzala tiyi m'tsinde mwa phiri. Ine ndinkanyamula matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba, ndipo ndinkadziona ngati ng'ombe. Ndinali nditafunsira mbeta, dzina lake Esinati, choncho ndinkathandiza ntchito kwawo kuti andione kulimba. Mwini mbumba anali atsibweni ake, a Namakhwa, munthu wosaseka, amene ankandiyang'ana ngati mbuzi yomwe akukayika nayo.

Tsiku lina a Namakhwa anaganiza zoika mtengo pakamtsinje kuti anthu aziwolokera. Amuna anayi anaugwira. Ine poona Esinati ali pomwepo akuchapa ndi anzake, ndinati, "Tausiyeni, mungadzipweteke." (Inde, ndinaterodi, mokweza.)

Ndinawerama n'kuukweza mpaka m'maondo. Kenaka kumunsi kwa msana, cha kumanzere, kunangomveka thu. Ndinakhala pansi m'madzi mwaulemu, mtengo uli pamiyendo, osathanso kudzuka. Anandinyamula amuna anayi omwe aja.

Pofika mawa lake mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa kwa a Namakhwa wafa chiuno. Akuluakulu mukudziwa kuti mawu amenewa sanena za kulima kokha.

Ananditema mphini, anandithowa ndi masamba otentha, koma ayi ndithu. Ndinkayenda chokoka mwendo, pokhala n'kukhalira thako limodzi. Pamapeto pake a Namakhwa anati, "Tipite ku mishoni. Akuti mzungu wa kumeneko amaona za m'kati mwa munthu. Ndikadzionere ndekha ndisanapereke mwana wa mlongo wanga kwa chitsa."

Anandinyamula pa machila. Kuchipatalako dokotala anali mzungu wamtali, ndipo womasulira wake anali a Yotamu, bambo wa mawu a kutchalitchi, omveka mpaka pakhonde pomwe odwala ena ankadikira. Anandigoneka chafufumimba, nsalu n'kuitsitsa (a Namakhwa ali chiimire pambali, manja kumbuyo). Dokotala anadina ndi chala pa kadzenje kaja kali pamwamba pa thako, ine n'kulira ngati mwana. Anandipinda mwendo, ndinaliranso. Atatero anafunyulula chipepala n'kuchipachika pakhoma. Panali munthu wa mafupa okhaokha, mano ali pamtunda.

"Akuti vuto lako lili apa," anatero a Yotamu akuloza. "Pomwe msana wathera pali fupa longa khasu. Limagwirana ndi mafupa a m'chiuno, uku ndi uku. Mfundo ya kumanzereyi ndi imene wapweteka."

A Namakhwa anasendera pafupi. "Ndiye kuti uyu ndi iyeyu?"

Kunena zoona nanenso ndinaganiza chomwecho. Ndinadzifunsa mumtima: Wandijambula nthawi yanji, nanga khungu langa walichotsa bwanji? Komanso ndinali ndikusekerera chiyani pamenepo?

Atsibweni anayang'ana chipepalacho kuyambira kumutu, n'kumatsika pang'onopang'ono. Atafika pakati anaima nthawi yaitali.

"Tamufunsani mzunguyu," anatero. "Kutsogoloku bwanji kulibe kanthu?"

A Yotamu anamasulira m'Chingerezi, kenaka n'kubwerezanso funsolo m'chinenero chathu (chifukwa chake sindichidziwa mpaka pano). Pakhonde paja ngakhale odwala chifuwa anaseka mpaka kutsamwa.

Dokotala nkhope inafiira. Anafotokoza kuti chithunzicho si changa, anabwera nacho kuchokera kwawo. Bokosi loona mafupa a munthu wamoyo lilikodi kumeneko, koma kuno silinafike. Anatinso chimene atsibweni akufunacho chilibe fupa, ndipo m'kati mwa munthu aliyense muli momwemu.

"Munthu aliyense?" anafunsa a Namakhwa.

"Eya, ndi inu nomwe," anayankha a Yotamu.

"Ine ayi," anatero a Namakhwa, akumangitsa nsalu yawo.

Ndili chigonere ndinayesa kudziteteza. "Atsibweni, zonse zilipo, n'kungoti..."

"Iwe khala chete. Ndaona ndi maso angawa."

Dokotala anandimanga nsalu yolimba m'chiuno n'kundiletsa kunyamula kanthu. Pofika nthawi ya mvula ndinali nditachira, koma a Namakhwa anali atalengeza kale zomwe anaona, pamowa, pamaliro, ngakhale kwa anthu odutsa ochokera kwa Apwitikizi. Ukwati unaima. Ndikamadutsa pachitsime amayi ankandipatsa moni wa chisoni, wopatsa munthu woferedwa.

Anathetsa nkhaniyi ndi Esinati mwini wake. Anagwada pamaso pa atsibweni ake, anthu ali pomwepo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Inu munaona pepala, atsibweni. Wokwatiwa ndine. Zikakhala zoona ndidzamubweza ndekha."

Sanandibweze. Chaka chotsatira tinalandira mwana wamwamuna. A Namakhwa anabwera kudzamuona, anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupukusa mutu. "Mzungu uja ndi sing'anga ndithu," anatero.

Ndinaphunzirapo kuti munthu ukadwala, kuchipatala osapita ndi akuchikazi. Koma ndinaphunzira mochedwa. Ana tili nawo ambiri tsopano, ndipo aliyense akabadwa a Namakhwa amatumiza nkhuku ku mishoni kukathokoza. Ine sanandipatsepo ngakhale dzira.