Tsiku Limene Ndinatsika ku Manje pa Wilibala

Anzanga a m'gulu lino, sabata yonse mwakhala mukukambirana za kaphikidwe ka ndiwo zopanda mchere. Wina akuti thirani mandimu, wina akuti adyo, wina akuti lilime limazolowera. Ine ndakhala chete, mpaka ena mwafunsa ngati foni yanga inafa. Foni ili bwino. Mwini wake ndiye anatsala pang'ono kufa, kapena ndinene kuti iye ankakhulupirira choncho. Popeza nkhaniyi yafika kale ku Chilobwe ndi ku Naperi itawonjezeredwa zambiri, ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Mukudziwa kuti ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka makumi atatu ndi zinayi. Ana amene ndinkawakoka makutu lero amandidutsa pa galimoto za magalasi akuda, ine ndikukwera chitunda cha ku Manje wapansi, jumbo ya tomato ili m'manja. Uhedimasitala unandilambalala katatu, n'kupita kwa anthu amene sankatha kulemba kalata yopanda cholakwa. Zonsezo ndinapirira. Chimene chinandiwawa ndi tsiku limene dokotala, mwana woti ndikanamuphunzitsa ine, anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri ndipo mchere ndiuiwale. Ananena zimenezi pamaso pa akazi anga, mayi a Tereza. Tsiku lomwelo mchere unasowa m'nyumba. Sizinathere pomwepo: mayiwo anayenda okala ndi okala m'dera lathu lonse, kuuza ogulitsa kuti aphunzitsi akabwera kudzafuna mchere, muziti watha.

Ndiye mwezi wathawu mayi a Tereza anapita kwathu ku Nsanje ku chinkhoswe cha mwana wa mng'ono wawo, ulendo wa masiku atatu. Anandisiyira mphika wa nyemba zokoma ngati madzi otsukira mbale. Koma m'khitchini munali mlamba wowamba umodzi, wonona, wochokera ku Chikwawa, ndipo tsiku lachiwiri ndinaganiza zochita chinthu chaching'ono chabe: kuphika nsomba imodzi monga momwe mayi anga ankaphikira, ndi tomato, anyezi ndi kamchere kotapa ndi zala zitatu. Kodi munthu amene anatumikira dziko zaka zonsezo sayenera zala zitatu za mchere?

Ndinalingalira mwasayansi. Amayi a mphakati akabwera kudzapemphera kwathu, ndiwo zawo zimakhala ndi mchere, choncho mchere uli m'nyumba muno. Ndinavula magalasi chifukwa cha utsi wa mbaula, n'kuyamba kufufuza ngati wakuba m'nyumba yanga yomwe. M'kabati munalibe. M'chidebe cha ufa munalibe. Potsiriza, kuseri kwa thumba la makala, dzanja langa linagunda botolo lakale la jamu, lodzaza chinthu choyera. Ndinanyowetsa chala, ndinapisa, ndinalawa. Ine, amene chaka ndi chaka ndinkalemba pa bolodi kuti chinthu chosadziwika sichilawidwa! Chinakoma mchere. Zala zitatu zija zinasanduka supuni yathunthu, kenaka ina yowonjezera.

Anzanga, sindinama: nsomba imeneyo inakoma. Ndinaidya yonse mpaka mutu, msuzi n'kumwera m'mbale.

Nditatha, ndinavala magalasi kuti ndibwezere botolo lija pamalo pake ndendende, lisaoneke kuti linasunthidwa. Apo ndi pamene ndinaona kapepala komatidwa mbali inayo. Zilembo zake ndinazizindikira pomwepo, pakuti ndakhala ndikuziwerenga zaka makumi anayi. Mayi a Tereza analemba ndi zilembo zikuluzikulu: MANKHWALA A MAKOSWE. OSAKHUDZA.

Ndinakhala pansi pa simenti, botolo lili m'manja, n'kuwerenganso, ngati kuti mawu angasinthe ukawawerenga kachiwiri. Munthu wosaphunzira akanati, chakoma mchere, ndiye ndi mchere. Koma ine sukulu inandipweteka. Ndinakumbukira kuti alipo mankhwala akupha amene amaoneka ngati mchere, ena alibe fungo, ena amayamba kugwira ntchito mwakachetechete munthu akuseka. Ndinamva ludzu. Ndinati, chizindikiro choyamba. Mtima unayamba kugunda ngati wina akukhoma chitseko. Chachiwiri. Thukuta linatsika m'khosi, lilime linauma, ndipo ndinaona m'maganizo mwanga khoswe amene tinamupeza chaka chatha kuseri kwa bafa, atagona chagada, mano ali pamtunda. Kodi ndi mmene adzandipezere mayi a Tereza? Ndinawaimbira foni kasanu. Siinkapezeka.

Ndinakwawira pakhomo n'kukuwa. Sindikumbukira mawu ake, koma akuti ndinaitana mayi anga, amene anamwalira ndili ku koleji.

Chichokereni namondwe uja anagumula phiri n'kutitengera anansi, anthu a ku Manje akamva kukuwa safunsa, amangothamanga. Woyamba kufika anali mayi Khoviwa, ogulitsa makala pafupi ndi kwathu. Ndinawapatsa botolo. Anawerenga, n'kugwira kumutu.

"Mayo ine! Aphunzitsi, mwatopa nawo moyo? Chifukwa cha penshoni yomweyi?"

"Sindinachite dala, mayi. Ndinathira mu nsomba."

"Mwathira angati?"

"Masupuni awiri."

"Awiri! Khoswe timamuikira kansonga ka mpeni, inu awiri!"

Posakhalitsa bwalo linadzaza, ndipo aliyense anali dokotala. Wina anabweretsa mkaka. Wina anaswa mazira awiri aawisi m'kapu. Mayi Khoviwa anasinja makala awo mu mtondo, n'kusungunula m'madzi, n'kunditsina mphuno ngati khanda. Ndinamwa zonse. Ine amene ndinkaseka anthu okhulupirira mankhwala a m'mudzi ndinapempha kapu yachiwiri ya makala! Mimba inayamba kuwira ndi kupota, ndipo ndinati m'mtima, basi, poizoni wafika m'matumbo.

Galimoto sifika kwathu chiwonongekereni msewu, ndipo wa njinga yamoto atandiona milomo ili bii ndi makala anakana, akuti safuna munthu adzafere pamsana pake. Pamenepo anatulukira a Likaka, akukankha wilibala. A Likaka ndi mnansi wanga wa kumunsi, mmisiri womanga nyumba. Tinali tisanalankhulane zaka ziwiri chifukwa cha ngalande ya madzi a mvula, imene inasiya njira yake n'kuyamba kuthira m'bwalo mwawo. Iwo ankati ndinaipatutsa ndine. Ine ndinkati ndi mphamvu ya madzi, ndipo ndinawafotokozera ndi mawu a Chingerezi amene sakanatha kuwayankha.

Sanandipatse moni. Anangoti, "Akwezeni."

Anandiika mu wilibala ya simenti, miyendo ili lendelende kutsogolo, botolo lili pachifuwa. Tinayamba kutsika. Tayala linkalira, miyala inkandigwedeza, amayi a m'dera anali pambuyo akuyimba nyimbo ya Maria motsitsa mawu, ndipo nyimbo imeneyo ndimaidziwa bwino kumene imayimbidwa. Anthu m'njira ankavula zipewa. Ndinayang'ana kumwamba, ndinaona mitambo ikuzungulira, ndipo mantha amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinaganiza kuti ndikafika kwa Mulungu ndisanalape, wansembe ali kutali, ndipo ndinayamba kulapa kwa amene analipo.

"A Likaka," ndinatero, "ngalande ija ndinapatutsa ndine. Ndi khasu. Inu munali ku tchalitchi."

"Ndimadziwa, aphunzitsi. Gwirani zolimba, apa pali dzenje."

"Mundikhululukire."

"Tikambirana mukachira. Mukafa ndikakumba ndekha."

Ndikanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma munthu amene akufa sasunga kanthu. Ndinaitana mayi Khoviwa kuti ayandikire.

"Mayi, mudzawauze mayi a Tereza kuti Lachisanu lililonse ndikamati ndikupita kokawerenga nyuzipepala ku laibulale, ndinkapita ku Chemusa. Ndinkakadya tchipisi ndi chiwindi cha pa chiwaya, chothira mchere ndi tsabola. Ndinasankha ku Chemusa chifukwa kulibe wotidziwa."

"Lachisanu lililonse?"

"Nthawi zina ndi Lachiwiri lomwe."

Amayi oyimba aja anasiya nyimbo kuti amve bwino.

Tinafika pa kachipatala kena ku Chilobwe. Dokotala, mtsikana wodekha, anandiyang'ana m'maso, anandiyeza, n'kufunsa chimene anandimwetsa. Atamva za makala ndi mazira anakalipira gulu lonse, kuti munthu akamwa poizoni mumathamanga naye kuchipatala, simuyamba mwamudzaza zinthu. Kenaka anatsegula botolo, anathira pang'ono papepala, anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Bambo, analemba apa ndani?"

"Akazi anga."

"Tiwayesenso pa foni. Ndikufuna ndidziwe dzina la mankhwalawa."

Ulendo uno foni inalowa. Dokotala anaikweza mawu kuti manja ake akhale omasuka, ndipo chipinda chonse, ndi amene anali pazenera, anamva phokoso la chinkhoswe ku Nsanje. Anafotokoza mwachidule. Kenaka mawu a mayi a Tereza anamveka, osanjenjemera n'komwe.

"Adokotala, umenewo ndi mchere. Mchere wa kukhitchini. Ndinalemba ndine."

"Munalemberanji choncho, mayi?"

"Chifukwa bambo amenewo ndikawauza pakamwa samva, amati ine sindinapite patali ndi sukulu. Koma chinthu chikalembedwa amachiopa. Tsono muwafunse, kuseri kwa makala amafunako chiyani?"

Palibe anaseka nthawi yomweyo, ndipo ndikanakonda akanaseka. A Likaka anatuluka panja mwaulemu, n'kukasekera kuseri kwa chipatala, koma tonse tinkawamva. Ine ndinali gone pabedi, milomo yakuda, malaya ali ndi simenti, wamoyo ndithu, ndipo kwa kanthawi ndinalakalaka akanakhala mankhwala a makoswe enieni. Dokotala anati mimba ikupota chifukwa cha mazira ndi makala, koma BP yakwera zoopsa, ndipo mchere umene ndinadyawo ndi mantha zikanatha kundigwetsa zenizeni. Ndisanayankhe, mayi Khoviwa anawerama pa foni ija.

"Mayi a Tereza, musadule! Pali uthenga wina umene anandisiyira. Mukukudziwa ku Chemusa?"

Ndinabwerera wapansi madzulo ake, a Likaka ali patsogolo ndi wilibala yopanda kanthu. Pofika pa ngalande anaima, n'kuloza ndi chibwano.

"Mawa, aphunzitsi. Khasu lomwe lija."

Ndinaikumba, anzanga, masiku awiri, iwo atakhala pa mpando akundiuza pokhota. Mayi a Tereza anabwera ndili mkati mokumba, ndipo kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse amandiperekeza ku laibulale, n'kukhala pambali panga mpaka nditamaliza nyuzipepala yonse.

Choncho pa funso lanu la mandimu ndi adyo, ine ndilibe maganizo. Ndikudya chimene ndapatsidwa. Lumbiro langa ndi limodzi lokha. Tsiku lina ndikadzamvanso kuti ndikufa, ndidzatseka pakamwa mpaka dokotala atatsimikiza, pakuti imfa inandikhululukira tsiku lomwelo, koma amene anamva kulapa kwanga onse akali moyo.